Sajeni Pakhomo pa Dona

Bambo anga anagwa m'bafa, n'kukhala pansi pomwepo mpaka aneba anadabwa ndi galu amene ankauwa osalekeza. Kuchipatala adokotala sanazungulire ayi: shuga wakwera, maso ayamba chidima, munthu ameneyu asakhalenso yekha. Achimwene anga amakhala m'nyumba yam'mwamba, ya masitepe osatha, ndiye nkhaniyo inagwera ine. Sindinadandaule. Chipinda chinalipo, chija ndinkasungiramo nsalu za makasitomala anga, ndipo chimwalirireni amayi mtima wanga sunkakhala m'malo ndikaganiza za mkuluyo akudziphikira yekha.

Koma Bambo ndi Bambo. Ali pabedi la kuchipatala lomwelo, anandikodola n'kunena kuti, "Ndibwera kwanuko. Koma Sajeni abwera nane. Akakanika kukhala, ine ndi iye tibwerera kwathu, ndipo usadzandinyengererenso. Wamva?"

Sajeni ndi galu wawo, wofiirira, wa imvi kukamwa, wotsimphina mwendo wakumbuyo. Amayi ndi amene anamutola ali kamwana kuseri kwa sitolo ina, ndipo chichokereni iwo, Bambo ankacheza ndi galuyo ngati munthu, mpaka kumufunsa maganizo pa nkhani za pawailesi.

"Palibe vuto, Bambo," ndinatero ine ndi pakamwa pangapa posachedwa kulonjeza.

Vuto linalipo, ndipo linkandidikira kunyumba. Pakhomo panga pali agalu awiri. Makala ndi chigalu chakuda, chachikulu ngati mwana wa ng'ombe, koma m'mutu mulibe kanthu. Amathawa ngakhale ambulera ikatsegulidwa. Ndiye pali Dona, kagalu kakakazi, koyera, kakang'ono, koma ndiye mwini pakhomo. Malo ake ndi pachiguduli cha pakhomo la khitchini. Amadya iye koyamba, Makala akuyang'ana kumbali ngati alibe njala. Ngakhale ine, ndikafuna kudutsa ndi ndowa, ndimachita kupempha njira.

Amene anakawatenga Bambo ndi amuna anga. Ine ndimawatcha a Phuma, ndipo dzinalo sindinawanamizire. Amayendetsa galimoto yoperekera katundu m'masitolo, ndiye kwa iwo chilichonse ndi katundu: kweza, tsitsa, tiyeni kwina. Ndinawauza kuti akafika aime kaye panja ndimange agalu. Anamva? Ndili pamakina ndikumaliza mpendero wa siketi, ndinangomva geti kuti gwaa, galimoto ikulowa chafutambuyo mpaka pakhonde. Asanazimitse n'komwe injini, anali atatsika kale n'kutsegula chitseko chakumbuyo.

"Katundu wafika!" anatero, akuseka.

Sajeni anangoponda pansi, asanadziwe n'komwe kuti ali kuti, Dona anali pakhutu pake. Makala, poona kuti abwana ayamba, naye analowerera, osadziwa chomwe akumenyera. Fumbi kobo! Miphika yanga ya maluwa uko, njinga uko. Ine kukuwa, a Phuma kuvina mozungulira ndi tsache m'manja osamenya aliyense. Chinawaleretsa ndi ndowa ya madzi amene ndinanyikamo zovala. Ndinawakhuthulira onse atatu, ndi a Phuma omwe, ndipo sindinapepese.

Sajeni anakalowa pansi pa galimoto, khutu likuchucha magazi. Bambo anali chiimire, atagwira chitseko cha galimoto, chipewa chili m'manja. Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Waona?"

Mawu amodzi amenewo anandilasa kuposa kukalipa. Ndinalumbira mumtima kuti galu ameneyu akhala pano ngati mfumu, Bambo aone kuti mwana wawo amadziwa kulandira alendo. Ndipo apa ndi pamene ndinaposa a Phuma kupusa, chifukwa iwo analakwitsa mothamanga, ine ndinalakwitsa nditakhala pansi n'kuganiza.

Ndinatenga Dona ndi Makala n'kukawamanga kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi. Chiguduli cha Dona ndinachikung'untha bwinobwino n'kumugoneka Sajeni pomwepo, pakhomo la khitchini, poti ndi pamene pali mthunzi wabwino. Chakudya ankayamba ndi iye, fupa lalikulu linali lake. Ndinafika pomutchula kuti "a Sajeni," abale inu, galu! A Phuma ankati ndingotsala pang'ono kumugwadira pomupatsa madzi.

Bambo nawonso ndinkawachita chimodzimodzi. Akati atsuke kapu yawo, ine ndalanda. Akati asese pakhonde, ine, "Khalani pansi, Bambo, mwabwera kudzapuma." Ankakhala pampando tsiku lonse manja ali pamaondo, ngati munthu amene akudikira dzina lake kuchipatala.

Kuseri kuja Dona analeka kudya. Sankauwa. Ankangokhala tsonga kumapeto kwa chingwe, maso ali pakona ya nyumba pamene pankaonekera mchira wa Sajeni uli pachiguduli chake. Ndikamupititsira chakudya ankatembenuza mutu. Zinkandipweteka, chifukwa kagalu kameneka ndinakalera ndekha ndi botolo, koma ndinkati apirire, mlendo ndi mame.

Tsiku lina masana, ine ndikuyeza kasitomala, Dona anamaliza ntchito imene ankaigwira mwakachetechete: anadula chingwe ndi mano. Sanapite kwina. Ndinamva phokoso kukhitchini, ndipo pofika ndinapeza Bambo atagwada pansi, alowetsa manja pakati pa agalu awiri olusa. Amene anawaluma sindikumudziwa mpaka lero, mwina ndi Sajeni wawo yemweyo. Dzanja lamanja linang'ambika pansi pa chala chachikulu. Munthu wa shuga, bala! Anamwino atamanga bandeji anandiyang'ana ine ngati ndawaluma ndine, ndipo sindinawatsutse.

Tinabwerera kunyumba kuchokera kuchipatala. Tiyi Bambo anamwa theka. Ine ndinkadziwa chimene chikubwera, koma sindinkadziwa kuti chibwera m'mawa mwake momwemo.

Ndinali ndi mayi wina amene ankayesa diresi la ukwati wa mng'ono wake, mapini ali pakamwa panga, pamene ndinasuzumira pawindo n'kuona geti lili pululu. Mpando wa pakhonde unali wopanda munthu. Sajeni kunalibe. Ndinathamangira kuseri: Dona anali atavula kolala, ndipo Makala, amene a Phuma anamumasula m'mawa n'kuiwala kumumanganso, nayenso kunalibe. Mayo ine! Ndinalavula mapini n'kuliyatsa liwiro, tepi ili m'khosi, patapata mmodzi atatsala pageti. Mayi wa diresi uja ndinamusiya ataimika manja m'mwamba.

M'mutu mwanga ndinkaona kale magazi pamsewu. Ndinadutsa pa sitolo, ndinadutsa pa wometa, n'kukhota pakona pamene pamakhala mkulu womata matayala. Ndipo ndinaima.

Bambo anali m'mphepete mwa msewu waukulu, jekete lawo lakutchalitchi lili pathupi, tcheni cha Sajeni chili kudzanja lamanzere. Ankafuna kuwoloka kupita pokwerera basi, koma ankati akaponya phazi, n'kulibweza, chifukwa magalimoto ankawamva koma osawaona bwino. Ndipo kumapazi kwawo agalu atatu ankanunkhiza pholo limodzi la magetsi. Dona anazungulira n'kukamununkhiza Sajeni kumbuyo. Sajeni anauma thupi, n'kuyang'ana kumbali. Dona ananunkhiza mpaka kukhutira, anakodza patsinde pa pholo, n'kuyamba kukanda pansi ngati palibe chinachitikapo. Makala ankathamangitsa pepala.

Ndinaima kakasi. Agalu omwewa, amene dzulo lake ankafuna kuphana! Kenako zinandilowa m'mutu: pamsewu panalibe chiguduli cha aliyense, panalibe mbale, panalibe khomo loti wina alilondere.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Kwathu."

"Muwoloka bwanji?"

"Ndawoloka misewu iwe usanabadwe."

Ndinafuna kukalipa, ndinafunanso kulira. Ndinawagwira pachigongono.

"Taonani agaluwa, Bambo. Sakulumana."

"Pano. Nanga kwanu kuja?"

"Ndipatseni mpata mpaka balali lipole. Simungakhale nokha ndi dzanja limodzi, ngakhale inu mukudziwa. Likapola agaluwa akadali pankhondo, ndikakuperekezani ndekha, sindidzatsegulanso pakamwa."

Anayang'ana kutsidya kwa msewu. Kenako anati, "Ukudzivutitsa chabe, mwana iwe. Koma chabwino. Mpaka lipole."

Tinabwerera wapansi pang'onopang'ono, agalu atatu ali patsogolo. Titafika pageti, ubweya wa pamsana pa Dona unaima, ndipo ndinadziwa kuti ntchito ikadalipo. Ndinamulowetsa iye koyamba, kenako Makala, Sajeni pomaliza, n'kukamutsekera kuchipinda kwa Bambo. Chiguduli ndinachibwezera kwa mwini wake tsiku lomwelo. Dona anachinunkhiza mbali zonse, anazungulirapo, n'kudziponya pansi ndi kupuma kwakukulu. Madzulo ake anadya mpaka kunyambita mbale. Mayi wa diresi uja, pepani, ndinamupeza atavula yekha n'kupita. Anabweranso patapita masiku, atakwiya pang'ono.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse tinkayenda. Bambo ndi Sajeni mbali ina ya msewu wathu, ine ndi Dona mbali inayo, a Phuma ndi Makala kumbuyo, akukokana ngati ngolo yopanda mabuleki. A Phuma ankadandaula kuti achedwa kuntchito.

"Tingowatsekera m'galaja onse atatu, amalizane okha, akatuluka adziwana," anatero tsiku lina.

"Inu ndi amene nditsekere m'galaja," ndinawayankha. "Kuthamanga si kufika. Gwirani galu wanuyo."

Poyamba pakati pathu pankadutsa galimoto. Kenako tinayamba kuyenda mbali imodzi, Bambo patsogolo, ine pambuyo. Kenako moyandikana. Dona akaumitsa mchira, ndinkatalikira osanena kanthu, akaufewetsa, ndinkayandikiranso. Ndinkatenga kansalu kamene Sajeni wagonera n'kukaika pafupi ndi pogona Makala ndi Dona, kuti fungo lake lisakhalenso lachilendo. Anthu a mumsewu mwathu anatizolowera. Wometa uja ankati tikamadutsa, "Perete yayamba!"

Sizinkayenda bwino masiku onse ayi. Tsiku lina Sajeni anangodutsa pafupi ndi mbale ya Dona, ndipo ndinachita kuponya chivundikiro cha poto pakati pawo. Tsiku lina Makala, pofuna kusewera, anamugwetsa Sajeni ndi chifuwa, ndipo nkhalambayo inakhala tsiku lonse pansi pa bedi. Koma maulendo a m'mawa aja ndinayamba kuwakonda pa chifukwa china. Bambo akamayenda pakamwa pankamasuka. Anandiuza za ntchito yawo yakale ya kusitima, za mmene anakumanirana ndi amayi pamzere wogula mafuta a nyale, nkhani zimene sindinazimvepo chibadwire. Ndinalekanso kuwalanda kapu. Ankatsuka ndi dzanja limodzi, madzi n'kumwazika pansi ponse, ine n'kumangoluma mlomo.

Pa chakudya ndi pamene tinakangana. Ndinayamba kuika mbale ya Dona koyamba, ya Makala, kenako ya Sajeni patali, kuseri kwa chitseko.

"Galu wanga azidya zotsala?" anafunsa Bambo.

"Si zotsala, Bambo, mbale yake ndi yodzaza. Angodikira pang'ono."

"Kwathu mlendo sadya pomaliza."

"Sajeni si mlendo. Amakhala pano."

Anandiyang'ana, n'kutembenukira kukhoma. Ndipo mawa lake ndinawagwira. Tili patebulo, Dona ali pakhomo akuyang'ana, Bambo anatenga nyama m'mbale mwawo, n'kuitana Sajeni mokweza, n'kumupatsa pamaso pa Dona penipeni. Dona anadzuka, mano ali panja. Ndinamugwira kolala nthawi yake.

"Bambo! Mukufuna alumanenso?"

"Ndaiwala," anatero, akupukuta zala.

Anaiwalanso kawiri konse sabata imeneyo. Ndinkati ndi ukalamba, ndipo ndinayamba kumawatulutsa agalu onse nthawi ya chakudya.

Bala linachedwa, monga amachitira mabala a shuga, koma linapola. Tsiku lokachotsa bandeji ndinawauza a Phuma, amene ankanyamuka pambuyo pathu, kuti amutsekere Sajeni kuchipinda asanatuluke, chifukwa agaluwo tinali tisanawasiyepo okha. Anavomera ndi mutu, foni ili kukhutu. Anamwino anaona dzanja, analitembenuza, n'kunena kuti zatheka. Mu basi pobwerera Bambo ankangopinda ndi kutambasula zala, ndipo ine ndinkadziwa kuti mpata umene ndinapempha uja wathera pamenepa.

Titalowa pageti, zenera la chipinda cha Bambo linali lotsegula, chitseko chakenso chimodzimodzi. Sajeni munalibe. Pabwalo panali zii, ngakhale Makala amene amandilandira ndi kundigwetsa sanabwere. Ndinawatukwana a Phuma mumtima ndi mawu amene sindingawabwereze pano.

"Sajeni!" anaitana Bambo. "Sajeni, bwera kuno!"

Kunali chete. Tinazungulira nyumba, ine patsogolo, ndikuopa chimene ndikachione.

Anali pamthunzi wa thanki, onse atatu. Makala atagona chagada, miyendo m'mwamba, ngati chidakwa. Sajeni atatsamiritsa mutu pamimba pa Makala. Dona atadzipinda pambali pawo, msana wake utagunda msana wa Sajeni, akuwodzera.

Ndinaomba m'manja ngati mwana. "Bambo, taonani! Taonani, abale!"

"Sajeni," anaitananso Bambo, motsitsa mawu tsopano. "Tiye."

Sajeni anadzutsa mutu, anawayang'ana, anamenya mchira pansi kawiri, n'kubwezeranso mutu pamimba pa Makala.

Ndinatembenuka ndikuseka, koma kuseka kunandithera pakamwa. Bambo anali atakhala pa sitepe ya khomo lakuseri, chipewa chili pabondo, nkhope itagwa ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro.

"Wandigulitsa galu ameneyu," anatero.

"Bambo, si zimene timafuna?"

"Ndi zimene umafuna iwe. Ine ndimafuna alumane."

Nyama ija ya patebulo inandibwerera m'mutu, ndipo ukali unandikwera mpaka m'makutu. Masabata onsewa ine ndikudzuka m'mamawa, makasitomala akundithawa, ndikukoka agalu mumsewu anthu akundiseka, eni ake akupasula dala! Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zonsezo, koma ndinaona kuti m'maso mwawo mwadzaza misozi, ndipo Bambo anga sindinawaonepo akulira, ngakhale tsiku loika amayi.

"Sindikanatha kukukanira iwe, mwana wanga," anatero. "Wandisamala, ndilibe chonena. Ndimati akane ndi galu, ine ndingotsatira. Kunyumba kuja ndikadzuka m'mawa ndimaona mbali ya bedi imene ankagona mayi ako. Ndimadziwa kuti kulibe, sindine wamisala. Koma mbaliyo ilipo. Kuno ndikadzuka ndimaona mashelefu a nsalu."

Ukali wonse unasungunuka, n'kutsala chisoni chokhachokha. Ndinakhala pa sitepe pambali pawo n'kulira, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. Ndinkasamala za shuga, za maso, za bala, za agalu, osaganizako n'kamodzi komwe kuti munthuyu ndamuchotsa pati.

"Mukafuna kubwerera, Bambo," ndinatero ndikupukuta kumaso ndi m'mphepete mwa bulauzi, "tipeza njira. Ndizibwera kudzagona konko masiku ena. Sindikukakamizani."

Anapukusa mutu. "Ndinanena ndekha kuti akakhala, ndikhala. Ndipo ndimubweze bwanji tsopano, akakhale ndi nkhalamba yokhayokha, atapeza anzake? Tamuona mmene wagoneramo. Chimwalirireni mayi ako sanagonepo chonchi masana. Ankangokhala maso, kundilondera ine."

Makala anayetsemula n'kudzidzimuka yekha. Kumsewu kunadutsa wogulitsa matsache akuitanira malonda. Bambo anapukuta m'maso ndi chipewa, anakonza pakhosi, n'kuyankhula ndi mawu awo a masiku onse, aja olamula.

"Uwauze amuna ako Loweruka apite kunyumba kuja akatseke madzi ndi magetsi. Mbale yeniyeni ya Sajeni ili pansi pa sinki, ndinaisiya dala poti ndinkati tibwerera. Abwere nayo."

"Chabwino, Bambo."

"Ndi pilo wa mayi ako. Ali pabedi, mbali ya kukhoma. Asamuchape."